RONALD McNAIR: MNYAMATA WA M'MINDA YA FODYA AMENE ADAKAFIKA M'MLENGALENGA

Mwezi wathawu, nditamaliza kuphunzitsa za mphamvu imene imakokera zinthu pansi, mnyamata wina wa Fomu 3 amene amakhala kumbuyo kwa kalasi adakweza mkono nafunsa kuti kodi munthu amaphunzira chiyani kuti alembedwe ntchito yoyenda m'mlengalenga. Anzake adafa nalo phwete, ndipo ndivomere kuti nanenso ndidamwetulira. Koma pobwerera kunyumba madzulo ake funsolo lidandikhala pamtima, pakuti ndidazindikira kuti ndidamuyankha mopeputsa, monga tiyankhira mwana wofunsa zopanda mutu. Tsono m'gawo la lero la mbiri za anthu otchuka ndati ndimuyankhe moyenera, pofotokoza moyo wa Ronald McNair, munthu wakuda wa ku America amene adaifuna ntchito imeneyi, naipeza, nafera pomwepo ali ndi zaka 35.

Ronald Erwin McNair adabadwa pa 21 Okutobala 1950 m'tauni yaing'ono ya Lake City, m'chigawo cha South Carolina, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la United States. Bambo ake, a Carl, adali owongola magalimoto ophwanyika, pamene mayi ake, a Pearl, adali mphunzitsi. M'banjamo mudabadwa ana atatu, onse aamuna, ndipo Ronald ndiye adali wapakati. Dera limenelo ndi la alimi a fodya ndi thonje, kotero kuti nthawi ya tchuthi anyamatawa ankapita kukagwira ganyu m'minda ya eni, kuthyola fodya ndi kutola thonje kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Owerenga a ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Mchinji safunika kuwafotokozera za utomoni wa fodya umene umamatirira m'manja, ngakhale za msana umene umakana kuwongoka munthu akaweruka m'munda.

Umphawi sudali mtolo wokhawo umene mwanayu adasenza. M'masiku amenewo tsankho la mtundu lidali lolembedwa m'malamulo a zigawo za kum'mwera kwa dzikolo. Wakuda adali ndi sukulu yake, mpando wake m'basi, khomo lake kuchipatala, ngakhalenso mpopi wake womwerapo madzi. Mu 1954 bwalo lalikulu la milandu la United States lidagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo, ndipo umodzi mwa milandu imene idabala chigamulo chimenechi udachokera m'boma la Clarendon, loyandikana ndi kwawo kwa Ronald, kumene makolo akuda adayamba ndi kungopempha basi yonyamula ana awo popita kusukulu. Komatu chigamulo cha ku Washington ndi china, moyo wa ku Lake City ndi wina. Ronald adaphunzira m'sukulu za akuda okhaokha kufikira atamaliza sekondale.

Nkhani imene anthu ambiri amamukumbukira nayo idachitika mu 1959, iye asadakwanitse zaka 10, ndipo amene adaisunga naifotokozera dziko ndi mkulu wake. Tsiku lina mnyamatayu adayenda wapansi kunka kunyumba yobwereketsa mabuku ya m'tauniyo, nasankha mabuku ake, naima pamzere pakati pa azungu. Mayi woyang'anira nyumbayo adamuuza kuti malowo si a anthu akuda, ndipo akapanda kuchoka amuitanira apolisi. Ronald adakwera pathebulo lobwerekera mabuku nakhala pomwepo, nayankha mwaulemu kuti adikira. Apolisi adafikadi, mayi akenso adafika mtima uli m'mwamba, poti ankadziwa bwino lomwe zimene zinkawagwera akuda osamva zonenedwa. Apolisi aja atapeza kuti wosokoneza mtendere amene adawaitanira ndi kamwana kofuna kuwerenga, sadaone mlandu, ndipo mayi uja adabwereketsa mabuku aja monyinyirika.

Ndimaona kuti pofotokoza nkhaniyi timakonda kutamanda kulimba mtima kwa mwanayo, n'kuiwala kufunsa chimene chidamufikitsa pakhomopo. Mwana sayenda ulendo wokalimbana ndi akuluakulu chifukwa cha mabuku ngati kunyumba kwawo kulibe womuzoloweza kuwerenga. Ronald adali mwana wa mphunzitsi, ndipo njala ya mabuku adaitengera m'nyumba momwemo.

Mu 1967 adamaliza maphunziro ake pasukulu ya sekondale ya Carver ali woyamba m'kalasi mwake. Adali wokonda masewero, wodziwanso kuimba lipenga lotchedwa saxophone, limene sadalisiye moyo wake wonse. Kuchokera apo adapita ku North Carolina A&T State University, koleji ya anthu akuda mumzinda wa Greensboro. Koleji imeneyi idali ndi mbiri yake kale, pakuti pa 1 Febuluwale 1960 ophunzira ake anayi adakakhala pamalo odyera a azungu okhaokha m'sitolo ya Woolworth nakana kuchoka, ndipo mchitidwe umenewu udafalikira m'mizinda yambiri ya kum'mwera. Pakolejipo Ronald adasankha fizikisi, naphunziranso nkhonya za karate mpaka kulandira lamba wakuda. Adatenga digiri yake yoyamba mu 1971, atakhoza mwapamwamba.

Sitepe yotsatira ndiyo idali yoopsa. Adalowa ku Massachusetts Institute of Technology, imene imadziwika ndi dzina lachidule loti MIT, sukulu imene imasonkhanitsa ana okhoza masamu kuchokera m'maiko onse. Kumeneko adapeza anzake amene adakulira m'sukulu zokhala ndi zipangizo zonse zoyesera sayansi, pamene iye adachokera kusukulu ya akuda ya m'dera la alimi. Adagwira ntchito pansi pa Michael Feld, katswiri wa kuwala kwa laser. Kuwala kwa nyali wamba kumamwazikana mbali zonse ndipo n'kosakanizika mitundu, koma kwa laser n'kwa mtundu umodzi, kumayenda mogwirizana ngati asilikali paperete, motero mphamvu yake yonse imatha kulunjika pakamalo kochepetsetsa. McNair ankafufuza m'mene tizidutswa ting'onoting'ono ta zinthu, totchedwa mamolekyulu, timalandirira mphamvu ndi kutenthera tikawombedwa ndi kuwala koteroko.

Ali pafupi kumaliza, zolemba zonse za zimene adayesa ndi kupeza pa zaka 2 zidamutayika. Masiku ano wophunzira amasunga ntchito yake m'kompyuta ndi pa intaneti, koma nthawi imeneyo manambala onse ankakhala m'makope, ndipo kope likapita ndiye kuti zapita. Ena akadalongedza katundu n'kubwerera kwawo. Iye adabwerera m'chipinda choyesera nayambiranso, ndipo m'miyezi yowerengeka adasonkhanitsa zotsatira zina, zimene zidaposa zoyamba zija kulongosoka. Adalandira digiri ya udokotala wa fizikisi mu 1976. Chaka chomwecho adakwatira Cheryl Moore, nayamba ntchito ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, m'chigawo cha California.

Apa tiyambe taima pang'ono kuti tione m'mene ntchito yoyenda m'mlengalenga idalili, chifukwa nzeru zokha sizikadamutsegulira McNair khomo. Amuna 7 oyamba amene bungwe la NASA lidasankha mu 1959 adali onse azungu, onse asilikali, onse oyendetsa ndege zoyesera. Lamulo silidanene kuti wakuda kapena mkazi asalembedwe, koma popeza sukulu za usilikali zoyesera ndege sizinkalandira akazi ndipo akuda adali osowa m'menemo, khomo lidali lotseka popanda woliikira loko. Ed Dwight, msilikali wakuda woyendetsa ndege, adaphunzitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma sadasankhidwe. Robert Lawrence adasankhidwa mu 1967 kuti adzakwere chombo cha asilikali, koma adafa pangozi ya ndege mu Disembala chaka chomwecho. Mwa anthu 12 amene adaponda pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972, mmodzi yekha, Harrison Schmitt, ndiye adali wasayansi weniweni, katswiri wa miyala.

Chimene chidasintha zinthu ndi chombo chatsopano chotchedwa Space Shuttle, chonyamuka ngati roketi koma chotera ngati ndege, chokonzedwa kuti chizipita ndi kubwerera kambirimbiri. Chombo chimenechi chinkanyamula anthu ambiri kuposa zakale, ndipo oyendetsa adali awiri okha. Otsalawo adafunika kukhala anthu odziwa kuponya masetilaiti, kuyesa za sayansi ndi kukonza makina, osati odziwa kuuluka. Mu 1976 NASA idalengeza kuti ikufuna anthu otere, okhala ndi digiri ya uinjiniya, masamu kapena sayansi, ndipo idanenetsa kuti akazi ndi anthu a mitundu ina alembe makalata. Idafika popempha Nichelle Nichols, mayi wakuda wochita zisudzo m'sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Star Trek, kuti ayende m'makoleji kukopa anthu, poti ambiri sankakhulupirira kuti bungwelo likunena zoona.

Makalata adafika oposa 8,000. Mwa eni makalatawo anthu 208 adaitanidwa ku Houston, m'chigawo cha Texas, kukakhala sabata yathunthu akupimidwa ndi madokotala, kuyambira maso, mtima mpaka maganizo, ndi kufunsidwa mafunso ndi akuluakulu a bungwelo. Pa 16 Januwale 1978 maina 35 adalengezedwa. Mudali akazi 6, mmodzi mwa iwo Sally Ride; mudali Ellison Onizuka, amene makolo ake akale adachokera ku Japan; mudalinso amuna akuda atatu, Guion Bluford, Frederick Gregory ndi Ronald McNair. Mwa atatuwa McNair yekha ndiye sadali msilikali. Adalowa ndi fizikisi yake basi.

Kwa wophunzira wanga uja ndiyenera kunenanso chowawa: NASA imalemba nzika za United States zokha, monganso maiko ena okhala ndi zombo amasankha ana awo. Nzika yoyamba ya dziko la mu Africa kufika m'mlengalenga, Mark Shuttleworth wa ku South Africa, idapita mu 2002 pa chombo cha ku Russia itadzilipirira yokha ndalama zankhaninkhani. Njira njopapatiza ndithu, ndipo kumubisira zimenezi kungakhale kumunamiza. Koma polowera pake ndi pomwe paja adalowera McNair, pa masamu ndi sayansi za m'kalasi.

Anthu ambiri amaganiza kuti wosankhidwa amangovala chisoti n'kukwera. Zoona zake n'zakuti ntchitoyi ndi ya pansi pano. Osankhidwawo adabwerera m'kalasi kukaphunzira za nyenyezi, za nyengo, za miyala, za thupi la munthu ndi za makina onse a m'chombo. Adaphunzira kukhala kumpando wa kumbuyo wa ndege zaliwiro za T-38, kutsika ndi parachuti, ndi kudzipulumutsa atagwera m'nyanja. Ankakwezedwanso m'ndege ina imene imakwera ndi kutsika motsetsereka kotero kuti kwa masekondi ngati 25 munthu amayandama wopanda kulemera, ndipo ambiri ankasanza m'menemo. McNair adamaliza maphunzirowa mu Ogasiti 1979, napatsidwa ntchito yoyesa makompyuta ndi zipangizo zoyendetsera chombo. Kenaka kudatsala kudikira. Chombo choyamba, Columbia, chidachedwa kufikira pa 12 Epulo 1981. Chidakali chichedwere, Arnaldo Tamayo Méndez wa ku Cuba adakwera chombo cha Soviet Union mu 1980 nakhala munthu wakuda woyamba m'mlengalenga, ndipo Bluford adatsatira mu Ogasiti 1983.

Tsiku la McNair lidafika pa 3 Febuluwale 1984, patatha zaka 6 chisankhidwire. Adanyamuka ku Florida pa chombo cha Challenger pamodzi ndi anzake anayi, nayamba kuzungulira dziko paliwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, kuona dzuwa likutuluka ndi kulowa pa mphindi 90 zilizonse. Ulendowo udali wa zokoma ndi zowawa zomwe. Masetilaiti awiri amene adaponya, imodzi ya kampani ya ku America ndi ina ya dziko la Indonesia, sadafike kumene ankayenera chifukwa maroketi ake aang'ono adazima msanga, ndipo adachita kukatengedwa ndi chombo china kumapeto kwa chakacho. Koma pa 7 Febuluwale Bruce McCandless adatuluka m'chombo popanda chingwe chomumangirira, atabereka makina omukankha, napita kutali mamita pafupifupi 100, chinthu chimene munthu adali asadachitepo. McNair ndiye ankayendetsa mkono wautali wa chombocho, wopangidwa ku Canada, umene unkanyamula mnzake n'kukamuika pamalo ogwirira ntchito. Dzanja likadangoterereka pang'ono, moyo wa munthu udali pachiswe. Panthawi yopuma adatulutsa lipenga lake naimba akuyandama. Pa 11 Febuluwale Challenger idatera ku Kennedy Space Center, ndipo kadali koyamba kuti chombo chitere pamalo pomwe chidanyamukira.

Atabwerako, tauni ija imene idamuitanira apolisi idamulandira ndi chikondwerero. Iye adathera nthawi yambiri akuyenda m'sukulu ndi m'makoleji kulankhula ndi achinyamata, ndipo maganizo ake adali oti akabwerako ulendo wachiwiri abwerere ku South Carolina kukaphunzitsa fizikisi ku yunivesite. Adali atabereka ana awiri, mwamuna ndi mkazi.

Ulendo wachiwiriwo udali wa pa Challenger yomweyo, mu Januwale 1986. Ntchito ya McNair idali yotulutsa ndi mkono uja kachombo kokajambula nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, imene imatichezera kamodzi pa zaka ngati 76. Adapangananso ndi woimba wa ku France, Jean-Michel Jarre, kuti akajambula nyimbo ya lipenga ali kumwambako. Komabe maso a dziko lonse adali pa Christa McAuliffe, mphunzitsi wa sekondale amene adasankhidwa pakati pa aphunzitsi oposa 11,000 kuti akaphunzitse ana ali m'mlengalenga. Enawo adali Francis Scobee, Michael Smith, Judith Resnik, Ellison Onizuka ndi Gregory Jarvis.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili lidanunkha, ndipo alipo adalimva fungo. Chombocho chinkanyamuka mothandizidwa ndi maroketi awiri aakulu a m'mbali, opangidwa m'zigawozigawo ku Utah, n'kutumizidwa pa sitima ya pamtunda ku Florida kumene ankazilumikiza. Polumikizira paliponse padali mphete ziwiri za mphira zotseka mpata kuti mpweya wamoto usatulukire m'mbali. Mphira ikazizidwa imauma gwa, siifutukuka msanga kuti itseke mpata. Maulendo angapo am'mbuyo, kuphatikizapo ulendo woyamba wa McNair uja, mphetezi zidapezeka zitawauka, koma popeza zombo zinkabwerako bwino, akuluakulu adazolowera kuliona vutolo ngati laling'ono. Usiku wa pa 27 Januwale kudazizira kwambiri mpaka madzi kuundana pansanja yonyamukira. Mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, imene idapanga maroketiwo, pakati pawo Roger Boisjoly, adalangiza kuti chombo chisanyamuke, poti chidali chisadanyamukepo mphetezo zili zozizira kuposa madigiri 12. Akuluakulu a NASA amene adali pamsonkhanowo sadakondwe nalo langizolo, popeza ulendo udali utalephereka kale kangapo. Mabwana a kampaniyo adakambirana paokha, natembenuza mawu a mainjiniya awo, navomereza. Anthu 7 okwera chombocho sadauzidwe kanthu za mkangano umenewu.

Pa 28 Januwale 1986, nthawi ili 11:38 m'mawa ku Florida, kuno kwathu ili 6:38 madzulo, Challenger idanyamuka kunja kukuzizira madigiri 2. Utsi wakuda udatuluka polumikizira pa roketi ya kumanja sekondi yoyamba isadathe. Patapita mphindi ngati imodzi lawi la moto lidaboola pamalo pomwepo nilunjika pathanki yaikulu ya mafuta. Pa sekondi ya 73, pamtunda wa makilomita ngati 14 kuchokera pansi, chombo chidasweka, mabanja a okwerawo akuyang'ana, ana a sukulu ambirimbiri akuonerera pa kanema. Chipinda chokhalamo anthu chidachoka chathunthu nichigwera m'nyanja ya Atlantic patatha mphindi zoposa ziwiri, ndipo chidapezeka pansi pa nyanja mu Malichi. Palibe adapulumuka.

Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi William Rogers, lidapeza kuti mphete ija ndiyo idalephera, koma lidadzudzulanso kwambiri kayendetsedwe ka zinthu ku NASA, kumene chenjezo la odziwa ntchito silinkafika kwa opereka chilolezo chomaliza. Mmodzi mwa ofufuzawo, katswiri wa fizikisi Richard Feynman, adaviika kachidutswa ka mphira ija m'kapu ya madzi ozizira kwambiri pamaso pa atolankhani, naonetsa kuti siibwerera msanga m'malo mwake. Kuyesa kumeneku mwana wa Fomu 2 angathe kukuchita ndi legeni, ndipo n'chifukwa chake imfa ya anthu 7 amenewa imandipweteka kuposa ngozi wamba. Zombo za mtunduwu sizidaulukenso mpaka Seputembala 1988. Columbia nayo idasweka mu 2003 nipha anthu ena 7, ndipo zotsalazo zidapumitsidwa mu 2011.

Pa zaka 8 zimene McNair adagwira ntchito ku NASA, masiku amene adakhala m'mlengalenga adali 8 okha. Nyimbo imene adayenera kujambula kumwamba idaimbidwa ndi woimba wina pamsonkhano waukulu wa nyimbo ku Houston pa 5 Epulo 1986. Boma la United States lidakhazikitsa thumba m'dzina lake lothandiza ophunzira ochokera m'mabanja osauka kufika pa digiri ya udokotala, ndipo chigwa china cha pamwezi chidatchedwa McNair.

Pali munthu winanso amene njira yake idatseguka chifukwa cha iye. Charles Bolden, msilikali wakuda woyendetsa ndege wochokera ku South Carolina komweko, adauza McNair tsiku lina kuti sangavutike kulemba kalata ku NASA poti sangamusankhe. McNair adamudzudzula kolimba, namufunsa kuti adziwa bwanji asadayese. Bolden adachita manyazi nalemba kalata, nasankhidwa mu 1980. Ulendo wake woyamba, pa Columbia, udatha pa 18 Januwale 1986, kutangotsala masiku 10 kuti mnzake afe. Kuyambira 2009 mpaka 2017 Bolden ndiye adali mkulu wa NASA yonse.

Thupi la McNair lidaikidwa ku Lake City. Nyumba ya mabuku ija adakanizidwa kubwerekamo ali mwana idakalipo, ndipo mu 2011, patatha zaka 25 chichitikire ngoziyo, idatsegulidwanso monga malo osungiramo mbiri ya moyo wake, pafupi ndi manda ake.